Ukwati ukutha ndisanatenge unzika wa Britain, kodi andibweza kumudzi?

NaBanda_Notts
Abale anga pagulu pano, nthawi zonse ndimangowerenga osalemba kanthu, koma lero zandifika pakhosi. Ndinabwera kuno ku England mu Okutobala 2019 pa viza ya ukwati. Bambo akunyumba ndi Mmalawi mnzathu, koma anatenga kale unzika wa kuno. Chinkhoswe tinachitira kumudzi, ukwati tinadalitsa kutchalitchi, zonse mwadongosolo. Tili ndi mwana mmodzi wamkazi, anabadwira konkuno mu 2021. ILR, chilolezo chokhala muno mpaka kalekale, ndinalandira mu Disembala wapitayu wa 2024, ndipo ndinayamba kusunga pang'onopang'ono ndalama ya unzika.

Mwezi wathawu, mu Febuluwale, ndangoona uthenga wochokera kukhoti kuti bambowa akapempha kuti ukwati uthe. Nditawafunsa anangoti, "Ndine ndinakubweretsa kuno. Ndikangoimba foni imodzi ukwera ndege, mwana atsala ndi ine." Chiyambire tsiku limenelo tulo sindikutiona. Usiku ndikumadzuka kukayang'ana mwana ngati alipo. Kodi ILR yanga ithera pomwepa? Nanga unzika ndingapemphebe? Amene mukudziwa ndithandizeni.

Chikondi_Luton
Pepani kwambiri achemwali. Choyamba pumani mpweya. ILR ndi yanu, si ya amuna anu. Akungokuopsezani.

Mjomba_wa_Leicester
Ine sindikufuna kukunamizani mlongo wanga. Amene anabwera pa ukwati, ukwati ukatha mapepala nawo amatha. Ndikumudziwa mayi wina wa kwathu ku Mangochi, atangosiyana ndi mwamuna analandira kalata yoti achoke m'dziko muno pasanathe miyezi iwiri. Kambiranani ndi bambowo, banja ndi kupirira.

Nyakwawa_M14
A Mjomba, zimene mukunenazo zimachitikadi, koma si kwa munthu amene wafika pamene afika a NaBanda. Tisasakanize. Ine si loya, koma njira imeneyi ndinaiyenda ndekha ndipo ndaperekezapo anzathu angapo, ndiye ndiloleni ndifotokoze bwinobwino.

Munthu wobwera pa ukwati amakwera masitepe atatu. Poyamba amapatsidwa viza ya miyezi 33 akamachokera kunja, kenako amawonjezera miyezi 30. Nthawi yonseyi chilolezo chake chimakhala chomangirira pa ukwatiwo, ngati dzungu pa mpanda. Mpanda ukagwa dzungu limagwa nawo. Mayi wa ku Mangochi amene mukunenayo ayenera kuti anali pamenepa. Mukasiyana muli pa viza imeneyi, lamulo limati mudziwitse a Home Office, unduna woona za olowa ndi kutuluka m'dziko muno, ndipo kawirikawiri amafupikitsa vizayo n'kukusiyirani masiku 60 kuti mupemphe chilolezo cha mtundu wina kapena muchoke.

Pakatha zaka 5 ndi pamene umapempha ILR. Ukailandira, chingwe chija chimaduka. Sukhalanso m'dziko muno chifukwa cha mwamuna kapena mkazi, umakhala pawekha. Ukwati utatha mawa lake, ILR imakhalabe. Imene ingakuchotsere ILR ndi milandu ikuluikulu, kupezeka kuti unanama poipempha, kapena kukhala kunja kwa UK zaka ziwiri zotsatizana. Foni ya mwamuna wokwiya palibepo pamenepa.

Sitepe lachitatu ndiye unzika. Apa ndi pamene kutha kwa ukwati kumasintha zinthu, koma kumasintha nthawi yodikira basi. Lamulo la British Nationality Act la 1981 lili ndi makomo awiri. Amene ali pa ukwati ndi nzika ya Britain amalowera pa gawo 6(2): akhale kuti wakhala muno zaka 3, ali ndi ILR, ndipo atha kupempha tsiku lomwelo lomwe wailandira. Wina aliyense amalowera pa gawo 6(1): zaka 5 muno, komanso akhale atagwira ILR miyezi 12. Ndiye a NaBanda, ngakhale ukwati uthe, Disembala akubwerayu khomo lachiwirili likhala lotsegula kwa inu popanda kupempha kanthu kwa bambowo.

NaBanda_Notts
A Nyakwawa, Mulungu akudalitseni. Ndawerenga katatu. Nanga zoti ndinanama? Chifukwa akuti akanena kuti ndinawakwatira chifukwa cha mapepala.

Nyakwawa_M14
Funso ndi lakuti, pa tsiku limene munkapempha ILR, kodi munali banja lenileni, mukukhala nyumba imodzi? Ndiyankheni moona chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

NaBanda_Notts
Tinali banja. Kukangana kunalipo ngati nyumba ina iliyonse, koma Khirisimasi tinadyera limodzi, alamu anga anabwera, ndinaphika nsima ndi chambo chouma chimene apongozi anatitumizira. Fomu ya ILR anasainira okha. Zoti ali ndi mkazi wina ndinazidziwa mu Januwale.

Nyakwawa_M14
Ndiye musaope. Zaka zisanu nyumba imodzi, mwana, siginecha yawo yomwe. Koma sungani umboni. Makalata a council tax, a lendi, a banki, a kwa dokotala, a ku nazale ya mwana, chilichonse chosonyeza adiresi imodzi. Jambulani pa foni, tumizani ku imelo imene iwo sadziwa pasiwedi yake. Setifiketi ya ukwati ndi ya kubadwa kwa mwana muzidziwa pamene zili.

Dalitso_Care_Nights
Ndiwonjezere chimodzi chimene ambiri timaiwala. Makadi a BRP aja, osonyeza chilolezo chathu chokhala muno, anatha kumapeto kwa 2024, pano zonse zili pa intaneti, pa eVisa. Amayi ambiri akaunti imeneyo anawatsegulira ndi amuna awo, imelo ndi nambala ya foni n'za mwamuna. Lowani lero lomwe muone, ngati zili choncho sinthani muike zanu. Tsiku limene abwana atsopano kapena eni nyumba adzafune share code, nambala yoonera chilolezo chanu pa intaneti, musadzapezeke mukugogoda kwa munthu amene mwasiyana naye.

NaBanda_Notts
Ndaona. Imelo ndi yawodi. Ndikusintha pompano mwana akangogona.

Tsoka_Sasimba
Pepani kulowerera pa nkhani ya mlongo wathu, koma yanga ndi yofanana, kungoti ine ndili pansi. Ndine bambo, mkazi wanga ndi mzungu wa konkuno. Ndatha zaka 4 ndi miyezi inayi pa viza ya ukwati, kwatsala miyezi 8 kuti ndipemphe ILR. Mwezi watha anandiuza kuti basi watopa, ndatuluka m'nyumba, ndikugona kwa mnzanga pa sofa. Tili ndi mwana wamwamuna wa zaka zitatu, ndimakamutenga Loweruka lililonse. Sanandichitire nkhanza iliyonse, chikondi changotha. Zaka zinayi zonsezi, ndalama zonse za viza ndi za IHS zija, zolipirira chithandizo cha kuchipatala, zangopita m'madzi?

Mjomba_wa_Leicester
Achimwene, miyezi 8 si nthawi. Mukambirane naye bwino mayiyo, makalata azibwerabe pa adiresi yakale, nthawi ikakwana akusainireni. Ambiri anadutsa choncho. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chikondi_Luton
Ayi a Mjomba, ayi. Malangizo amenewo ndi omwe amapha anthu.

Mjomba_wa_Leicester
Ndiye munthu ataye zaka zinayi? Inu mukudziwa mmene ndalama ya paundi imapwetekera kuipeza? IHS yokha ndi £1,035 pa chaka. Munthu wagwira mashifiti a usiku, watumiza kumudzi, walipira zonsezo, lero mukuti akadzinenere yekha?

Nyakwawa_M14
Ululu wake ndikuumva a Mjomba, ndipo a Tsoka ndikumva nanu chisoni kwambiri. Koma taganizani chimene mukumuuza munthuyu. Fomu ya ILR imafunsa ngati mukukhalira limodzi ndipo ngati mukufuna kupitiriza kukhala limodzi. Onse awiri mumasainira. Akanama, bodzalo silithera tsiku limenelo. Lidzamutsata popempha unzika, pamene amaunika khalidwe la munthu, ndipo ngakhale unzika atalandira, lamulo lomwe lija la 1981 limalola boma kumulanda zikadziwika kuti anaupeza mwachinyengo. Komanso moyo wake wonse udzakhala m'manja mwa mayi amene wasiyana nayeyo. Lero akumvana. Nanga tsiku limene adzakangane za mwana, kapena mayiyo adzapeze mwamuna wina? Kalata imodzi yokha idzakwana. Apa ndiye foni imodzi ija imagwiradi ntchito.

A Tsoka, njira yanu yeniyeni ndi mwanayo. Ngati mayi ake ndi nzika, ndiye kuti mwana wobadwira muno naye ndi nzika. Pali viza ya kholo la mwana amene ndi nzika ya Britain. Simuyenera kukhala naye nyumba imodzi, koma musonyeze kuti mumamuona pamaso ndi pamaso ndipo mukutenga mbali pomulera. Choncho Loweruka limenelo ndi chuma chanu. Pemphani mayiyo alembe kalata yovomereza kuti mumamutenga mwana, ku nazale akudziweni kuti ndinu bambo ake, ndalama yothandizira mwana muzitumiza kudzera ku banki osati pamanja. Akakana kukupatsani mwana, khoti la za mabanja limapereka chigamulo cha masiku oonana ndi mwana, ndipo chikalata chimenecho chimagwira ntchito ngati umboni.

Choipa chake ndisakubisireni. Mukasintha kupita pa viza ya kholo, zaka 5 zija zimayambiranso pa ziro. Koma zaka zinayi zanuzo sizinafe zonse. Pali njira ya zaka 10 zokhala muno movomerezeka, imene imawerengera pamodzi ma viza osiyanasiyana. Ndipo ngati abwana anu ali ndi chilolezo cholemba anthu ochokera kunja, viza ya ntchito ndi khomo linanso. Chachikulu musalole tsiku ngakhale limodzi kudutsa mulibe chilolezo. Pezani loya sabata ino, musadikire kalata.

Tsoka_Sasimba
Zandipweteka kuwerenga koma ndamva. Mayiyo pa nkhani ya mwana alibe vuto, kalatayo atha kulemba.

MayiWaAtatu
Ine ndikufuna ndilankhule ndi a Mjomba pa mawu aja akuti banja ndi kupirira, komanso ndi mayi aliyense amene akuwerenga mwakachetechete.

Ndinapirira zaka zitatu. Pasipoti yanga inkakhala m'galimoto mwa mwamuna, mu kabokosi kakutsogolo kaja, kokiya. Malipiro anga ankalowa mu akaunti yake, ine n'kumapatsidwa ya basi yokha. Foni ya kumudzi ndinkaimba iye ali pompo. Kumenya kunabwera pambuyo, ndipo ankamenya malo obisika ndi zovala. Nthawi zonse mawu ake anali omwewo amene auzidwa a NaBanda, akuti ukanena ndikubweza. Ndinkakhulupirira chifukwa panalibe wondiuza zina. Kutchalitchi amayi ankangoti limbikirani kupemphera, kwatsala pang'ono mutenge mapepala.

Anandithandiza ndi namwino amene ankabwera kudzaona mwana wanga womaliza. Anaona dzanja langa, anadikira mwamuna atuluke, n'kundifunsa mwachifatse. Ndi amene anandiuza kuti munthu amene ali pa viza ya ukwati, banja likatha chifukwa cha nkhanza, atha kupempha ILR nthawi yomweyo osadikira zaka 5, ndipo safunika siginecha ya womuzunzayo. Amayamba akupatsa chilolezo cha miyezi itatu chimene chimakulola kulandira thandizo la boma ndi malo ogona, kuti upeze pothawira pamene ukukonza fomu yaikuluyo. Ngati ulibiretu ndalama utha kupempha kuti usalipire. Loya wanga analipiridwa ndi legal aid, thandizo la boma lolipirira maloya.

Ndipo nkhanza kuno si kumenya kokha. Kukulanda ndalama, kukutsekereza kwa abale, kukuopseza ndi mapepala, lamulo limaziwerengera. Umboni wanga unali kalata ya dokotala, ya kumalo kumene ndinathawira, ndi mauthenga ake a pa WhatsApp amene ndinali nditasunga. Nambala ya National Domestic Abuse Helpline ndi 0808 2000 247, ndi yaulere usana ndi usiku. Abambonso amene akuzunzidwa lamulo limeneli likuwakhudza chimodzimodzi. Pano ndine nzika, ana anga atatu ndili nawo. Ndikanadziwa chaka choyamba, dzino langa lakutsogolo bwenzi lilipo.

Chikondi_Luton
Mayi, zikomo polimba mtima. Ndalira.

Mjomba_wa_Leicester
Pa nkhanza sindingatsutse, pepani mayi. Ine ndimanena mabanja amene angosemphana mawu. Masiku ano ana akuthamangira kukhoti ankhoswe asanamve n'komwe.

GogoNachisale
Apo pokha a Mjomba mwanena zoona. Mwana wanga NaBanda, kodi ankhoswe ako akudziwa? Ukwati umene unamangidwa ndi ankhoswe suthera pa imelo. Amalume ako ndi a mwamunayo ayenera kukhala pansi, ngakhale pa foni ya vidiyo. Mwina sangaubweze, koma mawa mwanayo akadzapita kumudzi adzafunika kulandiridwa mbali zonse ziwiri. Kuno timakhala ngati tilibe eni ake, chonsecho tili nawo.

NaBanda_Notts
Agogo, amalume ndawauza sabata yatha. Anaimbira ankhoswe a kuchimuna, iwo akuti mwana wawo sakuyankha foni. Amalume akuti ndingobwerako kumudzi nkhani ikakambidwe kumeneko, ukathe konko mwamwambo.

Loya_Wamawa
Ndikuphunzira zamalamulo kuno, ndiloleni ndichenjeze pamenepa. Ankhoswe akhale pansi ndithu, ndi ulemu wake. Koma kusudzulana kwa pakhonde, kopanda khoti, malamulo a kuno sakuvomereza ngati mmodzi wa inu wakhala akukhala ku UK chaka chonse chapitacho. Ndiye mutha kuuzidwa kumudzi kuti ukwati watha, kuno n'kukhalabe mkazi wa munthu. Ndipo chonde musanyamule mwana kupita naye ku Malawi popanda chilolezo cholembedwa cha bambo ake kapena cha khoti. Kuno umenewo ndi mlandu wakuba mwana, ngakhale ndinu mayi ake omubereka. Nawonso bambowo sangangomutenga n'kunena kuti atsala ndi ine. Khoti limayang'ana ubwino wa mwana, osati kuti ndani ali ndi pasipoti yofiira kapena yabuluu.

GogoNachisale
Zimenezo sindimadziwa. Kwathu kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, mbumba ya amalume ake. Ndiye kuno mayi angabe mwana wake yemwe?

Vitumbiko_Leeds
Agogo, kwathu kumpoto akanati mwana ndi wa kuchimuna chifukwa malowolo anaperekedwa. Aliyense ali ndi mwambo wake. Koma khoti la ku Nottingham silifunsa za chikamwini kapena malowolo.

Kachere_wa_ku_Joni
Moni a ku ulaya. Ife kuno ku Joni mavuto ndi omwewa. Ukakwatira nzika ya South Africa umayamba ndi viza ya ukwati, permanent residence, chilolezo chokhazikika, umapempha ukwati ukatha zaka 5. Koma kuno n'kosiyana ndi zomwe afotokoza a Nyakwawa. Ngakhale waitenga permanent residence ya ukwatiyo, banja likatha pasanathe zaka ziwiri chiilandirireni, imafa, pokhapokha ngati mnzakoyo wamwalira. Kale bambo ukangosiyana ndi mkazi, viza imathera pomwepo, ntchito osaloledwa, ana n'kuwasiya. Mu Disembala 2023 khoti lalikulu la Constitutional Court linagamula kuti zimenezo n'zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, kholo limene likusamalira mwana amene ndi nzika lipatsidwe mpata wokhala, kugwira ntchito ndi kupempha viza ina. Anzathu ambiri ku Johannesburg ndi ku Cape Town sakudziwabe, akungobisala.

Achisale_SouthBend
Kuno ku America nakonso kuli kamsampha kake. Ukalandira green card, chilolezo chokhazikika kuno, ukwati usanakwane zaka ziwiri, amakupatsa ya zaka 2 yokha. M'masiku 90 omaliza isanathe, inu awiri mumadzaza limodzi fomu ya I-751. Ngati mwasudzulana utha kudzaza wekha, koma usonyeze kuti ukwatiwo unali weniweni. Pa unzika, wokwatira nzika amadikira zaka 3, wina aliyense zaka 5. Kusiyana kwake ndi kwa ku Britain n'kwakuti kuno pa njira ya zaka zitatuyo muyenera kukhala mukukhalira limodzi popempha, ndipo ukwati ukhalepobe mpaka tsiku lolumbira. Ukatha pakati, wabwerera ku zaka 5.

Dalitso_Care_Nights
Abale tabwererani ku nkhani ya a NaBanda, tafika ku America tsopano.

Nyakwawa_M14
Zoona, koma a ku South Bend atikumbutsa chinthu chofunika. Ku Britain gawo 6(2) limangofuna kuti pa tsiku lopempha mukhale muli pa ukwati ndi nzika mwalamulo. Ndipo ku England ukwati sutha tsiku limene munthu wakapempha kukhoti. Chiyambire 6 Epulo 2022 safunsanso kuti wolakwa ndani, ndipo simungaukanize, koma pali nthawi yodikira. Pamadutsa masabata 20 asanapemphe chigamulo choyamba, conditional order, kenako masabata 6 ndi tsiku limodzi asanapemphe chigamulo chomaliza, final order. Ukwati umatha pa final order. Ngati anapempha mu Febuluwale, ndiye kuti mwalamulo mukadali mkazi wawo mpaka cha mu Ogasiti, mwinanso kupitirira. Kutanthauza kuti khomo la zaka 3 lija likadali lotsegula kwa inu pakali pano.

Chikondi_Luton
Koma a Nyakwawa, si bodza lomwe mumaletsa a Tsoka lija limeneli?

Nyakwawa_M14
Ayi achemwali, n'zosiyana. ILR ya ukwati imafuna banja lamoyo, lokhalira limodzi. Unzika wa gawo 6(2) umafuna ukwati umene ulipo mwalamulo. A NaBanda sakubisa kanthu, chilichonse chimene fomu ifunse ayankhe zoona, ndipo atha kulemba okha kuti nkhani ili kukhoti. Vuto lenileni lili pena. Njira imeneyi imafuna umboni woti mwamunayo ndi nzika, pasipoti yake kapena setifiketi yake ya unzika. Munthu amene akuopseza kuti ukwera ndege, kodi apereka? Ngati sapereka, ine ndingati dikirani Disembala. Miyezi isanu ndi inayi si yambiri kwa munthu amene ali kale ndi ILR. Ntchito mukugwira, kuchipatala mukupita, thandizo la boma mukuloledwa. Koma zimenezi akuuzeni loya ataona mapepala anu.

Vitumbiko_Leeds
Pa loyapo samalani. Ine ndinapereka ndalama zambiri kwa bambo wina amene ankadziwika m'dera lathu kuti amathandiza za mapepala. Analemba tsiku lolakwika, fomu inakanidwa, ndalama ya fomu sinabwerere, iye foni anasintha. Munthu wopereka malangizo a za imigireshoni kuno ayenera kukhala loya wolembetsedwa kapena wovomerezedwa ndi bungwe lija linkatchedwa OISC, pano akuti Immigration Advice Authority. Mayina awo ali pa intaneti, fufuzani musanapereke khobidi. A Citizens Advice amathandiza ulere kukulozerani koyenera. Safunsa anadya phula.

Loya_Wamawa
Komanso musasainire chilichonse chokhudza nyumba kapena ndalama chifukwa cha mantha. Final order imathetsa ukwati koma sigawa katundu. Za nyumba, penshoni ndi ndalama zimafuna chigamulo chakechake cha khoti. Amayi ambiri amangoti bola mapepala anga, zina zonse atenge, pambuyo pake n'kumavutika ndi ana.

Mjomba_wa_Leicester
Funso langa ndi lina. Unzika wa kunowu mukuulimbira chonchi, wa kwathu mutaya? Munda wa kumudzi mudzaulowa ngati mlendo?

Dalitso_Care_Nights
Zinasintha a Mjomba. Nyumba ya malamulo ku Lilongwe inavomereza unzika wa mayiko awiri kumapeto kwa 2018. Munthu umakalembetsa ku nthambi ya imigireshoni ya kwathu. Britain nayo siletsa. Ine ndili nawo onse awiri.

GogoNachisale
Ife a kale tinkachita kusankha, ndipo zinkawawa. Mwana wanga, tenga wa kunowo chifukwa cha mwanayo, koma wa kwanu usausiye.

NaBanda_Notts
Ndabweranso abale. Imelo ndasintha, mapepala ndajambula, asisi ena a kutchalitchi andisungira mafotokope. Mayeso a Life in the UK, a za moyo wa kuno aja, ndi a Chingerezi ndinakhoza kale popempha ILR. Kodi ndilembanso?

Chinanso, mu 2022 mayi anga anadwala, ndinapita kukawadwazika ku Dedza mpaka anatisiya. Ndinanyamuka pa 12 Febuluwale, ndinabwerako pa 20 Epulo, mwana ali kumsana. Kodi zimenezi ziwononga?

Nyakwawa_M14
Pepani ndi maliro a mayi. Life in the UK salemba kawiri, mafunso 24 aja mukakhoza kamodzi ndi basi. Chingerezi cha mlingo wa B1 chimene anachilandira pa ILR amachilandiranso pa unzika.

Masiku amene munali kumudzi ndi ochepera 70, si vuto. Malire okhala kunja kwa UK ndi masiku 270 pa zaka 3, kapena 450 pa zaka 5, ndipo m'miyezi 12 yomaliza asapitirire 90. Koma mwachita bwino kutchula madetiwo, chifukwa pali kalamulo kena kamene kagwetsa anthu ambiri. Muyenera kukhala kuti munali m'dziko muno, thupi lanu lenileni, pa tsiku lomwelo zaka 3 zapitazo kuchokera tsiku limene fomu yanu yalandiridwa. Mukatumiza lero mu Malichi, akabwerera m'mbuyo zaka zitatu akupezani muli ku Dedza. Ndiye ngakhale bambowo atapereka pasipoti mawa, musatumize mpaka padutse pa 20 Epulo, ndipo onjezanipo masiku angapo. Mukasankha kudikira Disembala pa njira ya zaka 5, funso likhala lakuti mu Disembala 2020 munali kuti.

Konzaninso anthu awiri okuchitirani umboni, amene akudziwani zaka zitatu ndipo si abale anu. Mmodzi akhale wa ntchito yodziwika monga mphunzitsi, namwino kapena m'busa, winayo akhale ndi pasipoti ya Britain. Musasankhe anzawo a bambowo. Ndalama ya unzika ndi yopitirira £1,600 kuphatikizapo mwambo wolumbira, ndipo imakonda kukwera mu Epulo, muone mtengo wa tsikulo.

NaBanda_Notts
Disembala 2020 ndinali konkuno, inali nthawi ya Covid, ndili ndi pakati, osatuluka n'komwe m'nyumba. Ndikanatumiza sabata ino ndi mantha anga aja, ndalama yonse ikanapita. Ndapeza loya wa za mabanja Lachinayi m'mawa, wa za imigireshoni ndikufufuzabe. Pasipoti yawo sindipempha, ndaganiza zodikira Disembala.

Tsoka_Sasimba
Ine ndalankhula ndi mayi a mwana usiku wathawu. Kalata alemba, ndipo akuti ku nazale akawonjezera dzina langa pa anthu okamutenga mwana. A Nyakwawa, kodi ndiyambe ndadziwitsa a Home Office kuti tasiyana, kapena ndiyambe ndatumiza fomu ya kholo?

Nyakwawa_M14
Zonse ziwiri zichitike msanga, koma dongosolo lake akuuzeni loya ataona tsiku limene viza yanu ikutha. Popita kumeneko tengani setifiketi ya kubadwa kwa mwana, fotokope ya pasipoti yake, kalata ya mayiyo, mapepala a malipiro anu a miyezi isanu ndi umodzi, ndi umboni wa pamene mukugona pano. Mnzanu wa sofayo akulembereni kalata.

MayiWaAtatu
A NaBanda, mawu aja akuti ukwera ndege, ngati anawalembapo pa foni musafufute. Muwasonyeze loya Lachinayi. Ndipo ngati mulibe womusiyira mwana tsikulo, ndilembereni kumbali, sindikhala kutali ndi Nottingham ndipo Lachinayi sindigwira ntchito.